Rolex ya mtengo wa nkhuku yafika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Kanengo, mapiri a ku Dowa ndi Ntchisi amayamba kununkhira ndalama, ndipo inu amalonda a m'tauni fungo limeneli mumalimva msanga kuposa wina aliyense. Ena mumanyamula mabelo a kaunjika, ena mapoto ndi mabeseni, ena mafoni, ulendo wa ku Mponela, Madisi kapena Malomo. Koma masiku ano m'zikwama za anyamata ena mukumakhalanso katundu wopepuka, wonyezimira ngati kalilole: mawotchi olembedwa Rolex, Omega, Rado ndi maina ena a mpondamatiki.

Mtengo wake? Wa nkhuku ziwiri basi. Mlimi wodziwa kunenerera amatenga pa mtengo wa nkhuku imodzi.

Nkhani ya mawotchiyi ndakhala ndikuilondola kwa zaka zingapo, poti ine mwini ndili ndi kamatenda kotolera mawotchi akale oyenda popanda batire. Anzanga amandiseka, ati m'badwo uno nthawi timaonera pa foni. Zoonadi, koma aliyense wavala wotchi akudziwa kuti nthawi ndi chifukwa chachiwiri. Choyamba n'chakuti anthu akuone. Geni ya mawotchi yagona pomwepo, ndipo chinyengo chake chagonanso pomwepo.

Mawotchi a ku Joni

Wotchi m'midzi ya kuno si yachilendo. Idabwera kalekale m'masutikesi a agogo athu amene ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, komanso a matchona a ku Harare ndi ku Bulawayo. Munthu akamaliza kontirakiti ankabwera ndi njinga, wailesi, bulangete, jekete, ndipo pamkono pankakhala wotchi. Pa mowa ankapinda malaya dala, ngakhale kuli chisanu cha mwezi wa June chimene anthu a ku Ntchisi akuchidziwa bwino.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi adafera pomwepo. Dr. Kamuzu Banda adaimitsa ulendo wa kumigodi. Udayambiranso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma udathanso mu 1988 kaamba ka mkangano wa zoyeza anthu kachirombo ka Edzi. Ndiye mukapeza wotchi ya ku Joni m'mudzi, dziwani kuti yatha zaka pafupifupi 40 kapena kuposa.

Amene ine ndawaona poyenda m'madera a Mvera, Nambuma, Kongwe ndi kuseri kwa phiri la Ntchisi ndi a maina monga Seiko, Citizen, Orient, Oris ndi Roamer. Ambiri ali m'mabokosi a malata pansi pa bedi, galasi lidachita khungu, lamba adaduka kalekale. Koma chodabwitsa n'chakuti ena ukangowagwedeza pang'ono kapena kupukusa kamutu kake, amadzuka n'kuyamba kugunda ngati adagona dzulo lomweli. Foni iti ingachite zimenezo itakhala zaka 40 m'bokosi?

Mkati mwake muli chiyani?

Wotchi yopanda batire imayenda ndi sipuling'i. Ukamapukusa kamutu kali pambalipo umakhala ukukulunga sipuling'i yaitali yopyapyala. Iyo ikamamasuka pang'onopang'ono imakankha timawilo ta mano, timawilo n'kumayendetsa mivi. Kuti isamasuke kamodzi n'kamodzi, mkatimo muli kawilo kena kamene kamapita uku n'kubwerera, n'kumagunda kasanu mpaka kasanu ndi katatu pa sekondi iliyonse. Kamenekako ndiye mtima wa wotchi, ndipo ndi kamene mumakamva mukaika wotchi kukhutu.

Ina amaitcha automatic. Imeneyi ili ndi kachitsulo kolemera kooneka ngati mwezi wosakwanira, kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka, n'kumakulunga sipuling'i kokha. Mlimi wolima ndi khasu tsiku lonse wotchi yake siima. Koma ukaivula n'kuisiya pa tebulo, ikatha maola pafupifupi 40 imagona.

Mudzaonanso mawu akuti 17 jewels kapena 21 jewels. Apa anthu ambiri apusitsidwa. Ena amaphwanya wotchi yabwinobwino ati akufuna miyala ya mtengo wapatali, monga muja ena adaonongera masimbi a makala ndi ndalama zakale pofuna zinthu zosaoneka. Timiyala timeneti n'topanga ku fakitale, ndipo ntchito yake n'kuteteza timawilo kuti tisaperepeseke. Mukatichotsa simungagulire ngakhale mandasi.

Wotchi yotchuka kwambiri pa mawotchi oterewa ndi Seiko 5, imene kampani ya ku Japan idayamba kupanga m'chaka cha 1963. Imaonetsa tsiku ndi deti, ndipo yambiri kamutu kake kali pafupi ndi nambala 4. Yambiri yakale siipukusidwa, imafuna kugwedeza basi. Kuseri kwake kuli nambala, ndipo nambala yoyamba imanena chaka chimene idapangidwa pamene yachiwiri imanena mwezi. Ikayamba ndi 75, ndiye kuti ndi ya mwezi wa May m'chaka chothera ndi 7, kaya 1977 kaya 1987.

Chidaphetsa mawotchi amenewa ndi batire. Pa 25 December 1969 kampani yomweyo ya Seiko idatulutsa wotchi ya batire yotchedwa Astron. Posakhalitsa mawotchi a batire adatchipa kwambiri, ndipo ankasunga nthawi bwino kuposa a sipuling'i. Ku Switzerland, kwawo kwa mawotchi, anthu ogwira ntchitoyi adatsika kuchoka pa 90,000 kufika pafupifupi 30,000 m'zaka 15 zokha. Mu 1989 kudabwera ka Casio kakuda ka pulasitiki kotchedwa F-91W, kamene pafupifupi mphunzitsi aliyense adakavalapo. Kuyambira pamenepo okonza mawotchi a pakhonde la sitolo adayamba kuchepa, ndipo ambiri otsalawo lero ntchito yawo n'kusintha mabatire ndi malamba.

A ku Switzerland ataona kuti pa mtengo agonja, adasintha nyimbo. Adayamba kugulitsa wotchi ya sipuling'i ngati chizindikiro cha ulemerero. Ndipo pamene pali dzina lodula, akathyali sachedwa kufika.

Rolex ya pamphasa

Kampani ya Rolex idayambitsidwa ndi Hans Wilsdorf ku London m'chaka cha 1905, kenaka idasamukira ku Geneva. Lero Rolex yatsopano, yotchipitsitsa, yachitsulo wamba yopanda golide, imaposa madola 5,000 a ku America. Werengerani nokha m'makwacha, muone kuti ndi mabelo angati a fodya. Tsono wina akakuuzani kuti Rolex imene yayalidwa pamphasa pambali pa ma charger a foni ndi orijino, ingosekani.

Chidwi changa pa mawotchi a fekiwa chidayamba chifukwa chofuna kudziwa chimene chili mkati mwake. Ndidagula angapo ndikudziwa bwino lomwe kuti ndi abodza, n'kupita nawo kwa mkulu wina wokonza mawotchi mu Lilongwe kuti titsegule. Chimene ndidaona n'chakuti feki nayonso ili ndi magiredi ngati fodya.

Giredi yapansi ndiyo yadzaza m'misika yathuyi. Kunja golide waliwali, mkati kamakina ka batire kakang'ono ngati khobidi, kozunguliridwa ndi pulasitiki yoyera yongodzazira malo. Timivi ting'onoting'ono tooneka pankhope pake n'tongomata, sitiyenda. Golideyo ndi utoto, ndipo ukakumana ndi thukuta la kumunda umasuluka mwezi usanathe, mkono n'kusanduka wobiriwira. Akulu adati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Giredi yachiwiri ili ndi makina enieni a sipuling'i, otchipa, opangidwa ku China. Imayenda ndithu, ndipo ikadalembedwa dzina lakelake ikadakhala wotchi yabwino ya munthu wosauka. Choipa chake ndi bodza lili pankhope pakelo basi.

Giredi yapamwamba ndi imene amaikopera mpaka makina a mkati, mwakuti ngakhale akatswiri amayenera kutsegula ndi kuyang'ana ndi galasi kuti aizindikire. Imeneyi siifika pamphasa. Imagulitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook kwa mabwana a m'tauni, pa mtengo woti munthu angagulire njinga yamoto, ndipo imabwera ndi bokosi ndi zikalata zomwe, zonsezo zabodza. Yambiri imachokera ku China, n'kudzera ku Dubai, Dar es Salaam kapena Johannesburg.

Palinso chinyengo china chimene chimagwira ife okonda zakale. Ndi mawotchi olumikiza, ambiri ochokera ku India: makina otopa a wotchi ina, chikho cha ina, nkhope yopentanso mwatsopano n'kulembapo Seiko, Oris kapena Citizen. Ukaona wotchi imene akuti ndi ya m'ma 1970 koma nkhope yake ili mbee, ya mitundu yowala ngati chitenje cha msonkhano, yamba wakayika.

Poyesa wotchi, yang'anani izi

Choyamba ndi muvi wa masekondi. Wa batire umalumpha kamodzi pa sekondi, pamene wa sipuling'i umayenda mokhala ngati ukutsetsereka. Pafupifupi Rolex iliyonse ndi ya sipuling'i, ndiye ikamalumpha yadziulula yokha. Chachiwiri ndi kulemera. Yeniyeni ndi yachitsulo chokhachokha ndipo imamveka m'manja, pamene feki yotchipa imapepuka, lamba wake n'kumalira ngati zitini. Chachitatu ndi kagalasi kotukuka kali pamwamba pa deti. Pa Rolex yeniyeni kamakulitsa nambala kawiri ndi theka, deti n'kudzaza kazenera konse. Chachinayi ndi zilembo: zikakhala zokhota, zonenepa mosiyana kapena zolakwika kalembedwe, nkhani yatha. Mawu oti Swiss Made nawonso asakunamizeni. Lamulo la ku Switzerland la kuyambira 2017 limafuna kuti gawo losachepera 60 pa 100 la ndalama zopangira wotchi liwonongedwe m'dziko lomwelo, koma wopenta zabodza sawerenga lamulo.

Komabe muyeso waukulu kuposa yonse ndi mtengo. Palibe munthu amagulitsa ng'ombe pa mtengo wa nkhuku, pokhapokha ngati ng'ombeyo ndi yakuba kapena si ng'ombe.

Geni ndi mbiri

Tsono amalonda anzanga, apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudzira inu. Mlimi wa ku Chinthembwe kapena ku Nthondo ndalama amaiona kamodzi pa chaka, ndipo yomweyo iyenera kugula feteleza, kulipira fizi ndi kufolera nyumba. Akafuna kudzisangalatsa ndi kawotchi konyezimira ndi ufulu wake, adakhetsa yekha thukuta. Koma mumuuze chilungamo kuti bambo, iyi ndi yongotchenera, musasambe nayo. Munthu wogula akudziwa sadzakutukwanani. Koma mukamulumbirira kuti ndi orijino yochokera ku Joni n'kumulipiritsa mtengo wa mbuzi, chaka chamawa adzakuzindikirani, ndipo kumudzi mbiri imathamanga kuposa minibasi. Sadzagulanso kwa inu ngakhale beseni.

Lamulo naloso lilipo. Dziko lino lili ndi Consumer Protection Act ya 2003 yoletsa kunamiza ogula, komanso Trademarks Act ya 2018 yoteteza maina a makampani. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu opusitsidwa pa malonda. Katundu wabodza akhoza kulandidwa, mpamba wonse n'kupita. Chikhalirecho pali mawotchi otchipa a maina awoawo amene mungapikule popanda kuyang'ana kumbuyo mukaona wapolisi.

Palinso geni ina imene ikuyenda mobwerera. Anyamata ena ochenjera akumalowa m'midzi kusinthitsa Rolex ya utoto ndi Seiko yakale ya m'bokosi. Mdzukulu amaona ngati waphula, poti wapereka chinthu chakhungu n'kulandira chonyezimira. Chikhalirecho wapereka wotchi yoti ikatsukidwa ndi kuthiridwa mafuta ikhoza kuyendanso zaka zina 20, n'kulandira chinthu choti chidzafa mvula isanagwe. Si wotchi iliyonse yakale imene ili ya ndalama zambiri, yambiri mtengo wake ndi wapakatikati. Koma kwa banjalo mwina ndi chinthu chokhacho chotsala cha munthu amene adasiya mphamvu zake pansi pa nthaka ya eni.

Ndipo m'bokosi lomwelo nthawi zambiri mumakhala mapepala a kumgodi. Amenewo musayerekeze kukulungira wotchi kapena fodya. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza chipukutamisozi cha ndalama zokwana 5 biliyoni rand kwa anthu amene adadwala chifuwa chachikulu ndi matenda a fumbi la m'migodi ya golide, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti lizipereka ndalamazo. Pofufuza ngati munthu ali woyenera, nambala ndi zikalata za ntchito zimathandiza kwambiri. Wogula wotchi wa umunthu amauza eni ake kuti mapepalawo awasunge bwino.

Kwa amene mwapeza wotchi ya agogo, musaitsegule ndi mpeni, musaithire mafuta ophikira kapena a njinga, ndipo musaisiye pamwamba pa sipika, chifukwa maginito amasokoneza mtima wake. Ikakhala yakale kwambiri, ya m'ma 1950 kupita m'mbuyo, musapale utoto wa pa mivi ndi manambala, poti wina unali ndi radium, mankhwala oopsa akalowa m'thupi. Pitani nayo kwa mmisiri amene akudziwadi za sipuling'i. Atsala ochepa, ambiri ndi a imvi, ndipo achinyamata ofuna kuphunzira kwa iwo akusowa. Wina wa inu amene geni ya ma charger yamukanika, luso limenelo likudikira mwini wake pakhonde pomwepo.