Lusaka: Ayuda a ku Cairo Road m'mapepala akale ndi pa ziliza

Mu 1905 njanji yochokera ku Livingstone inafika pa chigwa cha miyala ya laimu pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo omanga njanji anaikapo kasiteshoni kopatukirana sitima. Alimi achizungu, ambiri mwa iwo Mabunu, anayamba kutenga minda mozungulira, ndipo posakhalitsa panafunika sitolo yogulitsa mchere, nsalu, makasu ndi palafini. Pakati pa anthu oyamba kutsegula masitolo pambali pa njanjiyo panali Benjamin Glasser ndi banja la Kollenberg, Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya. Msewu umene unakula kutsogolo kwa masitolo oyambawo ndi umene lero timautcha Cairo Road.

Ulendo wathu woyendera matauni a Zambia wafika pa likulu, ndipo tikuliyang'ana kudzera mwa anthu amene anali ochepa kuyambira kale, lero n'kutsala owerengeka. Munthu wotsika minibasi ku City Market n'kudutsa Freedom Way ndi Chachacha Road sangaone chomuuza kuti m'misewu imeneyi munkamveka Chiyidishi, chinenero cha Ayuda a ku Lithuania ndi Latvia. Moyo wawo wa tsiku ndi tsiku unatsala m'mafayilo a boma, m'nyuzipepala zakale, m'mayina a makampani ndi pa miyala ya kumanda.

Ambiri mwa oyambawo anathawa umphawi ndi tsankho mu ufumu wa Russia. Ankatsikira ku Cape Town, n'kukwera mpaka ku Bulawayo, kenako n'kuwoloka Zambezi. Abale awiri, Elie ndi Harry Susman, anafika ku Barotseland mu 1901 kudzagula ng'ombe, ndipo malonda awo anakula n'kukhala kampani ya Susman Brothers & Wulfsohn. Wina akakhazikika ankaitana mphwake kapena mlamu wake, n'kumuika kuseri kwa kauntala mpaka ataphunzira chinenero cha ogula ndi mitengo ya katundu. Umu ndi mmene mabanja anafalikira m'matauni a m'mbali mwa njanji. Ku Mazabuka, m'banja lina la sitolo lotere, kunabadwa Stanley Fischer mu 1943, amene anadzakhala mkulu wa banki yayikulu ya Israel.

Boma la atsamunda litasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, tauniyo inayamba kukoka amalonda, omanga nyumba ndi amisiri. Kenako, mu 1938 ndi 1939, kunafika gulu lina la Ayuda othawa Hitler ku Germany ndi Austria. Northern Rhodesia inali limodzi mwa mayiko ochepa amene khomo lake linali lisanatsekeke, ngakhale kuti azungu ena okhala kuno ankadandaula nawo obwerawo. Anthu mazana angapo analowa. Nkhondo itayamba, boma lomwelo linawalemba m'kaundula wa nzika za dziko la adani chifukwa cha mapasipoti awo a ku Germany. Frank Shapiro anafotokoza nkhani imeneyi m'buku lake la mu 2002, Haven in Africa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 Ayuda a mu Lusaka anali atachuluka mokwanira kukhazikitsa mpingo wawo, Lusaka Hebrew Congregation, ndi kumanga sunagoge m'katikati mwa tauni. Ankamanga nyumba yopemphereramo pa nthawi imene makalata ochokera kwawo anali atasiya kufika. Mu 1941 asilikali a Germany ndi owathandiza anapha Ayuda ambiri a ku Lithuania, ndipo mabanja a mu Lusaka anadzamva pambuyo pake kuti makolo, alongo ndi midzi yonse kunalibenso. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1950 Ayuda m'dziko lonse anali pafupifupi 1,000, ndipo chiwerengerocho sichinakwerenso kuposa pamenepo.

Wofuna kuona moyo umenewu ayenera kuyamba ku National Archives of Zambia, pa Government Road ku Ridgeway. Gazeti ya boma la Northern Rhodesia inkalengeza za malaisensi a malonda, za anthu opempha unzika wa Britain, za makampani ogwa ndi za chuma cha masiye. M'zilengezo zouma zoterozo munthu amatha kutsatira dzina limodzi kuchokera pa kasitolo kakumudzi mpaka pa puloti ya m'tauni, kapena kuona dzina lina likuzimiririka chifukwa cha ngongole. Nyuzipepala ya Central African Post, imene Dr Alexander Scott anayambitsa mu Lusaka mu 1948, inkadzaza ndi malonda a masitolo a mu Cairo Road ndi nkhani za khonsolo ya tauni. Kuchokera m'mapepala otere, m'mabuku a mipingo ndi m'zokamba za okalamba, Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro analemba Zion in Africa: The Jews of Zambia, buku la mu 1999 limene mpaka pano ndilo poyambira aliyense wofufuza nkhaniyi.

Manda nawo amalankhula. Ku Aylmer May Cemetery ku Rhodes Park, kumene anthu ankaikidwa kuyambira mu 1922 mpaka mu 1958, kuli chigawo cha Ayuda, ndipo china chili ku manda a Leopards Hill, kupitirira Kabulonga ndi Woodlands. Mwa mwambo wawo, chiliza chimalembedwa m'Chihebri ndi m'Chingerezi. Chimatchula dzina lachihebri la womwalirayo, dzina la bambo ake, ndi tsiku la imfa motsatira kalendala yachiyuda, mmene miyezi yambiri ya 1950 inagwera m'chaka cha 5710. Obwera kudzaona manda amasiya kamwala pamwamba pa chiliza m'malo mwa maluwa.

Kuti mapepala ndi miyala imeneyi zilipobe si chinthu chaching'ono. Ku Thessaloniki, mzinda wa ku Greece umene unali ndi Ayuda pafupifupi 50,000, a Nazi analanda zolemba za mpingo mu 1941, ndipo zina zinadzapezeka ku Moscow patapita zaka zambiri. Manda awo akuluakulu anaphwanyidwa mu 1942, ndipo mu 1943 anthu eniakewo anatengedwa kupita ku Auschwitz. Ku Lusaka palibe anathamangitsa mpingo kapena kufukula manda ake. Anthu anachoka okha, banja ndi banja.

Koma zolemba za ku Lusaka zikuonetsanso tauni yogawanika, ndipo Ayuda anali ndi malo awo m'kugawanikako. Pamaso pa malamulo a atsamunda anali azungu. Ankaloledwa kugula nyumba kumayadi, ku Rhodes Park, Woodlands ndi Kabulonga, ndipo sukulu za Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, zimene lero ndi Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls, zinali zotsegukira ana awo pamene mwana wakuda sankaloledwa. Amene ankanyamula matumba m'masitolo, kusenda ng'ombe m'mabutchala ndi kulera ana kumayadi ankabwerera madzulo ku Kabwata, m'tinyumba tozungulira taudzu timene tina tasungidwa ku Kabwata Cultural Village. M'masitolo ambiri a azungu munthu wakuda ankagulira pa kawindo ka kumbali, ndipo m'zaka za m'ma 1950 chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinalimbikitsa anthu a mu Lusaka kunyanyala mabutchala pa chifukwa chimenechi. Nthawi yomweyo azungu ena a ku Britain ankawanyoza Ayuda ngati alendo osayenera kukhala nawo pa tebulo limodzi.

Anthu awiri akusonyeza kutalikirana kwa njira zimene Ayuda a dziko lino anatenga. Roy Welensky, mwana wa Myuda wa ku Lithuania, anali woyendetsa sitima ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, ndipo anakhala nduna yaikulu ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira mu 1956 mpaka mu 1963. Simon Zukas, wobadwira ku Lithuania mu 1925, anafika kuno ali mnyamata mu 1938, n'kugwirizana ndi Aafirika polimbana ndi chitaganya chomwecho. Atsamunda anamuthamangitsira ku Britain mu 1952. Dziko litalandira ufulu anabwerera, nagwira ntchito ya uinjiniya mu Lusaka, ndipo mu 1991 anasankhidwa kukhala phungu wa Sikongo pa tikiti ya MMD, kenako nduna. Atamwalira pa 27 September 2021, boma linamuchitira maliro a ulemu wa dziko. Mkazi wake, Cynthia Zukas, anayambitsa Lechwe Trust mu 1986, bungwe limene lasonkhanitsa ntchito za amisiri a zojambula a mu Zambia ndipo limazionetsa pa Lagos Road.

Ayuda ambiri anachoka m'zaka za m'ma 1960, makamaka malamulo a ku Mulungushi a mu 1968 ataletsa osakhala nzika kuchita malonda ena. Analowera ku South Africa, Britain, Israel ndi Australia. Mmodzi mwa otsala anali Abe Galaun, amene anayamba ndi malonda a ng'ombe ku Mongu asanakhazikike mu Lusaka, kumene butchala ndi mafamu ake a Galaunia zinadyetsa tauniyo nyama ndi mkaka kwa zaka zambiri. Iye anatsogolera bungwe la Council for Zambia Jewry, lokhazikitsidwa mu 1978 kuti lisamalire masunagoge ndi manda a mipingo imene inkatha. Mapemphero ena achiyuda amafuna amuna khumi kuti achitike, ndipo chiwerengero chimenecho chinayamba kuvuta. Pamapeto pake bungwelo linagulitsa katundu wa mpingo, n'kupereka gawo la ndalamazo ku sukulu ya zaudokotala ya Copperbelt University ku Ndola.

Chosowa kwambiri m'mafayilo a ku Ridgeway ndi mawu a antchito akuda aja. Gazeti inalemba dzina la mwini laisensi, osati la kalaliki kapena la woyendetsa lole. Ku Kabwata, Chilenje ndi Chelstone kudakali agogo amene anagwira ntchito m'masitolo ndi m'nyumba za mabanja amenewa, ndipo akudziwa yemwe ankalipira bwino, yemwe ankakongoza ufa, ndi mmene nyumba inkasinthira Lachisanu madzulo Sabata likamalowa. Ophunzira mbiri ku University of Zambia akhoza kujambula mawu amenewa ndi foni wamba, malinga afulumire.

Nkhani yotsatira ikhala ya Livingstone, kumene mpingo woyamba wa Ayuda unakhazikitsidwa mu 1910 ndipo zinthu zawo zakale zikusungidwa ku Gateway Jewish Museum.