Fumbi la Matabwa ndi Thanzi la Mmisiri

Thabwa likamachekedwa, kupalidwa kapena kukwechedwa ndi sandipepala limatulutsa utuchi ndi fumbi. Utuchi umagwa pansi n'kusesedwa, koma fumbi losalala, lina losaoneka n'komwe ndi maso, limakhalitsa mumpweya, ndipo ndilo limadwalitsa. Akalipentala a pa Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi pa boma la Balaka, ngakhalenso osema ziboliboli, amalipuma tsiku ndi tsiku.

Fumbili limayamba kuvutitsa m'maso ndi m'mphuno. Maso amafiira, munthu amayetsemula pafupipafupi, mphuno zimatsekeka, nthawi zina mpaka kutuluka kamfuno. Likafika m'mapapo limayambitsa chifuwa chosatherapo komanso mphumu. Mphumu yobwera ndi ntchito imadziwika chifukwa kubanika kumakula masiku a ntchito, makamaka madzulo ndi usiku, n'kuchepa mmisiri akapuma masiku angapo. Thupi likangoyamba kudana ndi fumbi la mtengo wina, ngakhale lochepa limadzutsa matendawa.

Mitengo imasiyana ukali. Fumbi la mlombwa limadziwika poyambitsa mphumu, pomwe la phingo, mtengo wakuda wosemera ziboliboli, limabweretsa ziwengo ndi kuyabwa pakhungu. Paini ndi wofewa, koma utomoni wake nawonso umayabwa ena. Matabwa ochita kuumba a MDF amakhala ndi guluu wa formaldehyde, yemwe amawonjezera vuto.

Choopsa kwambiri ndi khansa ya m'mphuno. M'zaka za m'ma 1960 madokotala a ku England anapeza kuti khansayi inali yochuluka pakati pa opanga mipando a m'tauni ya High Wycombe. Mu 1995 bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ngoziyi imakula ndi mitengo yolimba, ndipo matenda amatha kuonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo.

Kupewa kumayambira pamene fumbi likuchokera. Makina okwechera ndiwo amatulutsa fumbi lambiri, choncho amafunika thumba kapena paipi yokoka fumbilo. Shedi ikhale yopita mphepo mbali zonse. Posesa ndi bwino kuyamba kuwaza madzi, osati kupemerera fumbi ndi mpweya wa kompulesa. Kansalu kapena mpango kukamwa sizitchinga fumbi losalala. Chofunika ndi masiki ya N95 kapena FFP2 yogwira bwino nkhope. Zovala za kuntchito zisalowe m'nyumba mogona ana, ndipo wosuta fodya aleke, chifukwa utsi umawononganso mapapo omwewo.

Lamulo la Malawi la chitetezo ndi umoyo pantchito, la mu 1997, limalamula olemba ntchito kuteteza thanzi la antchito awo. Mmisiri amene wakhala akutsokomola kwa milungu iwiri, kapena amene mphuno imodzi ikungotsekeka ndi kutuluka magazi, apite msanga kuchipatala, monga cha boma cha Machinga pa Liwonde kapena cha Balaka. Kumeneko ayezedwenso chifuwa chachikulu, ndipo asaiwale kuuza dokotala ntchito imene amagwira.