Mwana Wachete Uja Wakhala Kumbuyo M'kalasi

Nyengo yothyola fodya ikafika, aphunzitsi a ku Kasungu amadziwiratu kuti mipando ina ikhala yopanda anthu, poti ana ali m'zigafa kusoka fodya. Koma lero tikambe za mwana wina amene kusukulu amabwera ndithu, koma amangokhala duu kumbuyo, maso ali pansi, chikhalirecho kale adali wansangala. Ambirife timafulumira kunena kuti wayamba ulesi, ena amvekere walodzedwa. Komatu nthawi zina mwanayo akudwala nthenda ya kukhumudwa. Bungwe la WHO likuti mwana mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la m'maganizo.

Chovuta nchakuti mwana wotere akafika ku chipatala chaching'ono sanena kuti mtima wasweka. Amangoti mutu, m'mimba, kufooka. Amuyeza malungo, nabwerera kwawo ndi panado. Kuno kwathu nkhaniyi imasokonekeranso, chifukwa fodya wamuwisi amadwalitsa mofananamo. Mu 2009 bungwe la Plan lidalengeza kuti mwana wogwira fodya angathe kulowetsa m'thupi, kudzera pakhungu, nikotini wolingana ndi wa ndudu 50 tsiku limodzi. Tsono chizungulire cha fodya chimatha pakapita masiku ochepa, pamene kukhumudwa kumakhalitsa.

Nchifukwa chake achipatala ali ndi mafunso asanu ndi anayi otchedwa PHQ-9, amene adamasuliridwa kale m'Chichewa. Amafunsa za masabata awiri apitawo: kodi tulo ukupeza, chakudya chikukoma, zimene unkakondwera nazo zikukusangalatsabe? Funso lotsiriza, lokhudza maganizo odzipha, ndilo akulu amaliopa; koma kufunsa sikumuika mwana maganizowo, kumangomutsegulira pakamwa.

Zoterezi zidayesedwapo ku Lilongwe, Mchinji ndi Salima, kumene aphunzitsi ndi azaumoyo adaphunzitsidwa kuzindikira nthendayi, achinyamata akumvera pulogalamu ya pa wailesi ya Nkhawa Njee. Inu aphunzitsi simuli madokotala ayi, koma ndinu mumamuona mwanayo masiku asanu pa sabata. Muitanireni pambali, osati pamaso pa anzake, mumumvetsere osamudula mawu. Kenaka kambiranani ndi makolo kuti apite naye ku chipatala, ndipo akafotokoze zonse, osati za mutu wokha. Nthenda ikakula, pa chipatala cha boma cha Kasungu angathe kumutumiza kwa akatswiri ku Saint John of God kapena ku Zomba.