Msampha wa DNA ndi Mchere: Kupatula Mapuloteni mu Labotale

Mayi wa kwa Katunga akafuna chidulo, amaika phulusa m'chitini chobowola pansi, n'kuthira madzi pamwamba. Chofunikacho chimadontha, zinyalala n'kutsala. Akatswiri a sayansi akafuna puloteni imodzi pakati pa mitundu zikwizikwi ya m'maselo, nawonso amagwiritsa ntchito chubu chodontha, koma nzeruyo amaitembenuza: chofunikacho ndicho chimayamba chatsala m'chubu, zosafunika n'kudutsa.

Pali mapuloteni ena omwe ntchito yawo ndi kugwira DNA kuti aiwerenge, aikonze kapena aichulukitse. DNA ili ndi mphamvu ya magetsi ya negetivu, pamene mbali ya puloteni yomwe imagwirayo nthawi zambiri ndi ya pozitivu, choncho ziwirizi zimakokana. Khalidwe limeneli ndi lomwe limaikoletsa puloteniyo. M'chaka cha 1968, Bruce Alberts ndi anzake anamatiza DNA pa cellulose, chinthu chomwecho chimene chimapanga ulusi wa thonje lomwe timalima kuno ku Chikwawa, n'kuilongedza m'chubu ngati nyambo.

Ntchito imayamba ndi kuphwanya maselo pamalo ozizira, pafupifupi madigiri 4, chifukwa mapuloteni ambiri sachedwa kuwonongeka akatenthedwa. Makina ozungulira mothamanga amakhazika zinyenyeswa pansi, ndipo madzi a pamwamba ndiwo amathiridwa m'chubu muja. Mapuloteni osadziwana ndi DNA amangodutsa. Otsala atakakamira amachotsedwa ndi mchere. Mcherewo umalowerera pakati pa puloteni ndi DNA n'kufooketsa kukokana kuja. Katswiri amauwonjezera pang'onopang'ono: ogwira mofooka amayamba kugwa, ouma khosi amadikira mchere wambiri. Madontho amalandiridwa m'timachubu tosiyanasiyana, kenako n'kuyezedwa kuti aone momwe mwagwera puloteni yofunikayo.

Vuto linali lakuti mapuloteni ambiri amagwira DNA ina iliyonse. Mu 1986, James Kadonaga ndi Robert Tjian a ku Berkeley anatchera msampha wosankha. Anamatiza pa timikanda kachidutswa ka DNA kokhako komwe puloteni yotchedwa Sp1 imakadziwa, ndipo m'madzi muja anathiramo DNA ina yachabe kuti mapuloteni osasankhawo atanganidwe nayo. Kwa ine apa ndi pomwe pali luso lenileni: mlendo wosaitanidwa ampatsa mbale yake pambali.

Wina angafunse kuti izi zikukhudza bwanji munthu wa kwa Katunga. Chikwawa ndi boma la malungo, ndipo ofufuza, monga a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, amagwiritsa ntchito njira ya PCR yomwe imapeza tizilombo tochepa toti maikulosikopu sangatione. Mwini ntchito mu PCR ndi Taq polymerase, puloteni yogwira DNA yochokera ku bakiteriya wa m'akasupe otentha a ku Yellowstone. Masiku ano amaipangira m'mabakiteriya a E. coli, ndipo kuipatula kwake n'kosavuta: amatenthetsa zonse mpaka madigiri 75, mapuloteni a E. coli n'kuundana ngati dzira lophika, Taq osatekeseka. Kenako imadutsa m'chubu ndi mchere uja. Koma ikapatulidwa mwaulesi, n'kutsalira mapuloteni odula DNA, iwo amadya DNA ya kachilombo kaja isanachulukitsidwe, ndipo magazi a mwana amene ali ndi malungo amaoneka ngati alibe kanthu.