Duwa la Pamwamba pa Phiri ndi Madzi a M'madimba Mwathu

Alimi anzanga, thyolani duwa la chisoso muliyang'anitsitse. Chomwe timachitcha duwa limodzi ndi timaluwa tambiri tothithikana pamutu umodzi, kalikonse kobereka njere yake. Mpendadzuwa ndi deliya alinso chimodzimodzi. Zonsezi ndi za banja limodzi.

Banjali lili ndi chomera china pamwamba pa phiri la Mulanje, chimene ambiri a ife sitinachionepo. Akatswiri amachitcha Helichrysum whyteanum, potengera dzina la Alexander Whyte amene anatolera zomera paphirili mu 1891. Ndi kachitsamba ka masamba otuwa, ndipo maluwa ake ndi okhuthara ngati pepala, moti ngakhale auma amaonekabe bwino. M'chilengedwe sikamera kwina kulikonse, koma paphiri lathuli basi.

Mwina mukufunsa kuti duwa losadyedwa likutikhudza bwanji. Kachitsambaka kamamera pakati pa udzu ndi miyala. Udzuwo pamodzi ndi tizitsamba totere ndiwo chofunda cha nthaka ya kumtunda. Mvula ikagwa, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, mizu imagwira dothi, madzi n'kumalowa pansi pang'onopang'ono. Madzi amenewa ndiwo amatsikira mu mtsinje wa Phalombe ndi wa Sombani m'chilimwe, ife n'kumathirira ndiwo zamasamba.

Vuto ndi moto wolusa, makamaka woyatsidwa ndi osaka nyama mu Seputembala ndi Okutobala udzu utaumitsitsa. Mvula yoyamba imapeza nthaka ili pambalambanda. Madzi amathamanga pamwamba, amakokolola dothi ndi kudzaza mchenga m'mitsinje, ndipo pofika chilimwe madimba amauma msanga.

Tisanamizane, udzu wokha sukanaletsa napolo wa mu 1991 kapena namondwe wa Freddy wa mu 2023. Mvula yake inali yoposa muyeso. Koma mvula ya chaka ndi chaka, kusiyana kwake mungakuone nokha.

Pamunda wathu wophunzirira, sankhani malo awiri otsetsereka mofanana, ena a udzu, ena opala. Thirani keni imodzi ya madzi pamalo alionse. Onani kumene madzi athamanga kwambiri ndi mtundu wa madziwo. Kenaka kumbani ndi chala muone pamene chinyezi chafika. Sabata yamawa gulu lililonse lidzafotokoze zimene lapeza, ndipo tidzagwirizane tsiku lolambula njira zotchinga moto m'minda yoyandikana ndi phiri.