Kuchokera ku Tete Kukafika ku Maputo

Mayi wina wa m'kalasi mwathu ali ndi mwana ku Maputo. Mwanayo anawauza kuti ndege imayenda maola awiri okha kuchokera ku Tete. Mayiwo anafunsa kuti: "Aphunzitsi, ndiye kuti ku Maputo ndi pafupi? Ndikakwera basi m'mawa, kodi masana ndifika?"

Ayi, ku Maputo ndi kutali. Tiyeni tione.

Maputo ndi likulu la dziko lathu. Kale unkatchedwa Lourenço Marques, ndipo dzina linasintha mu 1976. Mzindawu uli kumwera kwenikweni. Ife a ku Nsadzo tili kumpoto kwa Tete, pafupi ndi malire a Zambia.

Mtunda timayeza ndi makilomita. Pakati pa Tete ndi Maputo pali mitunda iwiri: wa mumlengalenga ndi wa pamsewu.

Ndege imanyamuka pa bwalo la Chingodzi ku Tete. Ikakwera m'mwamba imalunjika kumwera ngati khwangwala. Sizungulira phiri, sifuna mlatho. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 1,100.

Basi imatsata msewu. Imadzera ku Changara, ku Chimoio ndi ku Inchope. Imawoloka mtsinje wa Save, nikhotera kunyanja yamchere, nidzera ku Xai-Xai. Mtunda wake ndi makilomita oposa 1,500.

Tengani ulusi ndi mapu a dziko lathu. Kokani ulusi kuchokera pa Tete kufika pa Maputo. Imeneyo ndi njira ya ndege. Tsopano yendetsani ulusi wina motsata msewu. Kenaka linganizani awiriwo. Wa msewu ndiwo wautali.

Nanga ndege imafika bwanji msanga? Njira yake ndi yachidule, komanso imathamanga kwambiri. Ndege yaikulu imayenda makilomita pafupifupi 800 pa ola limodzi. Munthu wapansi amayenda makilomita 5 pa ola. Atati ayende makilomita 1,100, maola 8 tsiku lililonse, angathe masiku 28 ali pa ulendo.

Choncho ndege sifupikitsa dziko. Imafupikitsa nthawi.

Mayi aja anawerengera bwino. Anaona kuti ayambe afika ku Tete, ndipo kuchokera kumeneko basi idzawatengera masiku awiri. Anakonza kamba wokwanira, chofunda ndi ndalama zobwererera. Akadangomva "maola awiri" n'kunyamuka, njala ikadawapeza panjira.

Musananyamuke ulendo, funsani zinthu ziwiri: ndi makilomita angati, ndipo tiyenda pa chiyani? Lembani mayankho papepala. Kufunsa ndi kudziwa njira.

Mafunso

1. Kodi bwalo la ndege la ku Tete dzina lake ndi chiyani?
2. Chifukwa chiyani njira ya basi ndi yaitali kuposa ya ndege?
3. Chotsani 1,100 pa 1,500. Patsala makilomita angati?
4. Lembani mawu awa m'kope mwanu: ndege, msewu, mtunda, ulendo.