Ana a Sukulu Akadza ndi Mafunso

Inu alimi ndi anyakwawa a ku Liwaladzi, ana a sukulu ya sekondale akafika ndi makope kudzafunsa mbiri ya mudzi, musawabweze ai. Ayalireni mphasa. Auzeni kumene makolo anu anacokera, ndi za mpunga umene unafala kuno masiku a Jumbe. Koma makamaka asonyezeni pamene madzi a nyanja analekezera pa kusefukira kwa 1980, ndiponso malo amene ng'ombe zinkafera cifukwa ca kashembe wocokera ku nkhalango ya Boma. Zimenezi ife alangizi tizifuna ndithu, pakuti wosadziwa amamanga khola pomwe agogo ace anatayirapo ziweto. Anawo muyambe kuwaperekeza kwa nkhalamba, nchito ya kumunda isanaculuke.